Mang'ina, Timikanda ndi Chilonda cha Mayi Anga

Mayi anga anapsa mwendo wakumanzere mu Julayi 2019, kwathu ku St Mary's, m'tauni ya Chitungwiza. Chaka chimenecho madzi anachepa m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Ankabwera pakati pa usiku anthu ali m'tulo, n'kuchokanso kusanache. Tonse tinabwerera ku mafuwa. M'mawa wina wachisanu, akuphula mphika wa madzi osamba kuseri kwa nyumba, kansalu kogwirira kanawapulumuka, ndipo madzi owira anawakhuthukira pamsongolo mpaka pakakolo. Munthu wina akanachira pa milungu ingapo. Koma iwo anali ndi zaka 74, ndiponso ali ndi matenda a shuga. Madokotala anachotsa kakhungu kopyapyala pantchafu n'kukayala pamene panapsapo. Mbali ina kanagwira, mbali ina kanakana. Pamene kanakanapo panatsala chilonda chachikulu ngati chikhatho cha mwana, chimene chinkafota, kuonetsa ngati chitseka, kenako n'kutsegukanso.

Kwa zaka zinayi chilondacho chinakhala m'nyumbamo ngati mlendo wosatsanzika. Chinali ndi ndandanda yake: kutsuka, kumanga, ulendo wa kukiliniki sabata iliyonse, mabandeji ogula ndi madola a ku America. Ku Chitungwiza mipopi imatha masiku ambiri ili youma gwa, ndipo palibe amene anaiwala kolera imene inayambira m'tauni mwathu mu Ogasiti 2008 n'kupha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse. Choncho madzi otsukira chilonda tinkatunga pamjigo n'kuwawiritsa, nthawi zina pamafuwa omwewo amene anabweretsa chilondacho.

Ndiyenera kunenako za chilankhulo cha m'nyumba mwathu, pakuti nkhaniyi yagona pamenepo. Bambo anga anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, monga anachitira anyamata ambiri a ku Nyasaland, kudzera ku Tete mpaka ku Salisbury. Mayi anawatsatira mu 1966. Ine ndinabadwira ku St Mary's Chitungwiza isanakhale Chitungwiza, chifukwa tauniyi inapangidwa mu 1978 pophatikiza St Mary's, Zengeza ndi Seke. M'nyumba tinkalankhula Chichewa, pamsewu Chishona, kusukulu Chingerezi. Ndipo pamsewupo tinaphunzira msanga kubisa Chichewacho chifukwa cha mayina amene anzathu ankatitcha. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma kubanja kwathu lamulolo linafika madzi atadutsa kale: adzukulu a mayi anga amamva Chichewa koma amayankha m'Chishona. Mmodzi mwa iwo, mwana wa mlongo wanga, akuchita kafukufuku wa digiri yaudokotala pa yunivesite ina ya ku Ulaya, m'nthambi imene imaphatikiza uinjiniya ndi zachipatala. Mwa mwambo wathu ine ndine malume wake, mwini mbumba. Iye amanditchula kuti sekuru, monga Ashona amatchulira mlongo wa mayi, ndipo mayi anga sanaleke kuseka kuti mwana wawo anasanduka gogo asanakhale n'komwe ndi mdzukulu.

Mtsikanayu anabwera kutchuthi mu Disembala 2023. Madzulo ena anaonerera mlongo wanga akumasula bandeji, ndipo ndinaona kuti sakuyang'ana chilondacho monga tinkachiyang'anira ife. Ankayang'ana m'mphepete mwake, pamene khungu latsopano linafika n'kuima. Agogo ake anaona zomwezo. "Iwe," anatero, "zaka zonsezi ukuzizidwa kumeneko, ukuphunzira chiyani kwenikweni? Anzako timamva kuti ndi manesi, ena maloya. Nanga iwe tiziti ndiwe ndani?" Mwanayo anayamba m'Chishona, mawu atatu anayi n'kugwera m'Chingerezi, kenako anandiyang'ana. Kunena zoona, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikuuza ophunzira anga kuti palibe nzeru imene chilankhulo cha mu Africa chingalephere kusenza. Tsopano mlandu unali utandipeza pakhonde la mayi anga, oweruza ake ali mayi anga omwe.

Mawu oyamba kutigwetsa anali akuti gel. Ku Chitungwiza mawuwa si achilendo: ndi mafuta okhuthala opaka kutsitsi, ndiponso ndi phala loyaka lija limene ambiri tinaphikira pa timbaula m'zaka zovuta za m'ma 2008. Koma chimene mwanayo ankanena ndi hydrogel, ukonde wa timaulusi tosaoneka ndi maso, tomangana apa ndi apo, umene umasunga madzi ochuluka, kawirikawiri oposa magawo 90 pa 100 a kulemera kwake, osawataya. Chinthucho si madzi, pakuti sichiyenderera; si cholimbanso ngati mtengo. Chili ngati mnofu, n'chifukwa chake maselo amoyo amatha kukhalamo. Akatswiri awiri a ku Prague, Otto Wichterle ndi Drahoslav Lím, analengeza mu 1960 za hydrogel yogwiritsa ntchito m'thupi la munthu, ndipo kuchokera pamenepo panabadwa magalasi ofewa oika m'diso. Ndinayesa therere, mayi anati therere limaterera, siliima. Ndinayesa ulimbo, anati ulimbo umamata, ndipo mulibe madzi. Ndiye mwanayo ananena kuti yake amaipanga ndi gelatin, imene imachokera ku zikopa ndi mafupa a nyama akaziwiritsa nthawi yaitali. Ndisanamalize kumasulira, mayi anandidula. "Aphunzitsi," pakuti ndi mmene amanditchulira akafuna kundichepetsa, "si msuzi wa mang'ina umenewo?"

Unali womwewo. Aliyense amene anaphikapo mapazi a ng'ombe, amene kuno timagula ndi dzina la mazondo, akudziwa kuti msuzi wotsala ukagona m'mphika usiku wa mu Juni, m'mawa umaupeza utagwirana, ukunjenjemera ukaugwedeza, woti n'kuudula ndi supuni. Mayi sanapereke fanizo ayi. Anatchula chinthu chenichenicho. Kusiyana kwake n'kwakuti msuzi wathu umasungunukanso ukamva kutentha, ndipo kutentha kwa thupi la munthu, madigiri 37, n'kokwanira kuusungunula. Choncho a ku labotale amamangirira timakoko ta mankhwala pa timaulusi ta gelatin, kuti akawalitsapo kuwala kwa mtundu wina timakokoto tikolane, msuziwo usasungunukenso. Ena amagwiritsa ntchito alginate, yochokera ku ndere zofiirira za m'nyanja yamchere, zonga zimene zimamera m'gombe la ku Cape. Iyo imagwirana ikakumana ndi calcium.

Apa mwanayo anatulutsa m'chikwama kanthu kakang'ono ngati bokosi la machesi, kagalasi komatidwa ndi labala woonekera mkati. Kanali kowonongeka, kotaya, ndipo anakatenga kuti adzationetse. Mayi anakalozetsa kuwindo natsinzina diso limodzi. M'kati mwake munali timizere toyera, topyapyala ngati tsitsi, tokumana pamphambano. Timizereto ndi tingalande, ndipo luso loyendetsa madzi m'tingalande totere ndi limene amalitcha microfluidics. Kukula kwake amayeza ndi maikulomita, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi la munthu limakhala pakati pa maikulomita 50 ndi 100. Labalayo ndi wa mtundu wa silicone wotchedwa PDMS, ndipo njira youmba tingalande mwa iye, monga momwe timaumbira njerwa m'chikombole, inafalikira kuchokera ku gulu la George Whitesides ku Harvard cha m'ma 1998.

Ntchito yake imayenda motere. Makina amakankha masirinji pang'onopang'ono, mosadukiza. M'kangalande kapakati mumayenda msuzi usanagwirane. M'tingalande tiwiri ta m'mbali mumayenda mafuta. Pamphambano paja mafuta amapanikiza msuzi uku ndi uku n'kuulowetsa pakhosi lopapatiza, ndipo ulusi wa msuziwo umaonda mpaka kuduka: dontho, dontho, dontho, lililonse lofanana ndi linzake. Gulu la Stephen Quake ku Caltech linaonetsa mu 2001 kuti madontho angadulidwe chotere pamphambano ya njira zitatu. Mu 2003 Shelley Anna, Nathalie Bontoux ndi Howard Stone analongosola njira yopanikiza mbali zonse ziwiri. Chinsinsi cha kufanana kwa madonthowo ndi kuchepa kwa malo. Mumtsinje wa Manyame madzi amavunduka, amazungulira, amachita thovu; m'kangalande kopyapyala ngati tsitsi alibe malo ochitira zimenezo, amangoyenda mwandondomeko ngati ana a sukulu pamzere. M'mafutamo amathiramo mankhwala onga sopo kuti madontho akagundana asaphatikizane. Kenako amawalitsa, madonthowo n'kugwirana, ndipo amatsuka mafuta onse. Mayi anamvetsa msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Anati mafuta ophikira ukawakhutchumula m'botolo la madzi amabala madontho, ena aakulu ena aang'ono, ndiye kagalasika ntchito yake n'kuwayeza kuti afanane. Ine ndinali nditakonza kale dzina lakuti timadontho toundana, limene ndinkaliona ngati lolondola. Iwo anati timikanda. Dzina langa linafera pomwepo.

Tinawerengera limodzi pachikuto cha buku la nyimbo. Kamkanda ka maikulomita 100 n'kakang'ono moti mumililita imodzi ya msuzi mumatuluka timikanda pafupifupi 2 miliyoni. Ngati kangalande kamodzi kakudula madontho 1,000 pa sekondi, mililita imodziyo imatenga theka la ola, ndipo supuni ya tiyi imatenga maola oposa awiri ndi theka. N'chifukwa chake ofufuza amayala tingalande tambirimbiri pagalasi limodzi kuti tizidula nthawi imodzi. Mlongo wanga, amene m'mawa womwewo anali atasenza zidebe zisanu ndi chimodzi kuchokera kumjigo, anaseka mpaka misozi kumva kuti mwana wake amakhala tsiku lathunthu kudikira madzi odzaza supuni.

Funso lopambana onse madzulo amenewo linachokera kwa mayi. "Nanga bwanji osangothira msuziwo pachilonda n'kuuwalitsa? Kuvutikiranji ndi kudula timikanda?" Mwanayo anawala nkhope, pakuti kafukufuku wake yense ali m'funso limenelo. Msuzi ukagwirana wonse pamodzi, maso a ukonde wake amakhala aang'ono kwambiri kuposa selo; selo likafuna kulowa liyenera kuyamba ladya njira, ndipo pamene likudya, chilonda chikudikira. Koma timikanda ukatiunjika, pakati pake pamatsala timipata tolumikizana, monga mipata imene imatsala pakati pa mazira m'dengu. M'timipatamo maselo a khungu amakwawa n'kulowa, ndipo timitsempha ta magazi timawatsatira. Zimenezi n'zofunika chifukwa selo silingakhale ndi moyo kutali ndi mtsempha. Likatalikira kupitirira maikulomita pafupifupi 200, mpweya wa okosijeni sulifika. Ndinayamba kufunafuna mawu, koma mayi, amene analima ku Dedza ali mtsikana ndipo alimabe kamunda ka chimanga m'mphepete mwa msewu, anandiposanso. Anati ndi nkhani ya makande ndi dothi lofumbutuka: m'makande madzi amadikha ndipo muzu umavutika, koma m'dothi la timibulu muzu umayenda wokha. Mwanayo anawonjeza kuti mu 2015 Donald Griffin, Tatiana Segura, Dino Di Carlo ndi anzawo ku UCLA anathira timikanda ta mtundu wina m'zilonda za mbewa, n'kutimata kamodzi ndi kanzake pogwiritsa ntchito mankhwala a m'magazi amene amathandiza magazi kuundana, ndipo zilondazo zinatseka msanga kuposa zothiridwa gel yopanda mipata. Mu 2021 analengeza kuti atasintha kapangidwe kake pang'ono, pazilonda za mbewa panameranso ubweya m'malo mwa chipsera chokhachokha. Mayi anagwira pakamwa. Anati kwawo mbewa amazikumba n'kuziwamba, koma azungu akuzimanga mabala.

Za bioprinting tinadutsapo mofulumira, chifukwa kunali kutada ndipo magetsi anali atapita. Timikanda tikapanikizana kwambiri timakhala ngati mchenga wonyowa: ukatifinya timatuluka pakamwa pa singano, ukatisiya timaima pamene watiika. Gulu la Jason Burdick ku Pennsylvania linaonetsa mu 2019 kuti makina angathe kuyala timikanda totere mzere pamwamba pa mzere mpaka kuumba chinthu. Adam Feinberg wa ku Carnegie Mellon anadzera kwina: mu 2015 anayamba kuumba zinthu zofewa m'kati mwa phala la timibulu ta gelatin, limene limazichirikiza mpaka zitalimba, kenako n'kulisungunula, timibulu take toyamba anatipera ndi makina ogayira zipatso a kukhitchini. Pa mawu a Chingerezi aja ndinakana kunena kuti kusindikiza, chifukwa m'Chichewa timasindikiza mabuku ndi zidindo, zinthu zafulati. Ndinati kuumba, monga agogo anga aakazi ankaumbira mbiya, nkhata ya dongo pamwamba pa nkhata inzake. Mayi, amene ndi a Chigwirizano kuyambira ndisanabadwe, anakhala kaye chete, kenako anati woumba mnofu amamudziwa ndi mmodzi, koma mbiya ndi mbiya, tipitirize.

Ndiye anafunsa chimene tonse tinkadziwa kuti afunsa. Analoza bandeji. "Nanga ichi?"

Mwanayo anayankha mosamala, m'Chishona, kuti zvinogona kuzobatsira, kutanthauza kuti n'zotheka kuti m'tsogolo zithandize. Anawonjeza m'Chingerezi kuti zambiri zikadali pa mbewa ndi pa maselo a m'mbale za ku labotale, ndi kuti kuyesa pa anthu kudakali koyambirira, pa odwala owerengeka. Ine ndinatembenukira kwa mayi n'kunena kuti, "Akuti timikandati tidzachiritsa zilonda ngati chanuchi."

Owerenga magazini ino aona kale pamene ndinaphonya. Mphatikira wa -nga- ndi mphatikira wa -dza- amakhala pa malo amodzi m'mneni, pakati pa mgwirizano ndi tsinde, ndipo aliyense ndi phatikizo limodzi lokha. Koma "tingachiritse" amangotsegula chitseko; sanena kuti wina alowa. "Tidzachiritsa" amanena kuti mlendo ali m'njira, chosadziwika ndi tsiku lokha. Zolemba za asayansi oona mtima zimakhala m'dziko la -nga-, ndipo zimatuluka m'menemo pang'onopang'ono, zina osatulukamo konse. Kusiyana kumeneku ndimakuphunzitsa chaka chilichonse kwa ophunzira a chaka chachiwiri, ndi zitsanzo za pabolodi. Sindinganene kuti sindinkadziwa. Ndinanena -dza- chifukwa ndinkafuna kuti zikhale choncho. Chifukwa ndinkafuna kuti mwana wa mlongo wanga aoneke wamkulu pamaso pa agogo ake. Ndiponso, ndikadzifunsa bwino, chifukwa Chichewa chinali chitapambana madzulo onsewo ndipo sindinafune kuti nkhani ithere pa "mwina".

Ife a ntchito ya zilankhulo takangana kwa zaka zambiri ngati kuli bwino kubwereka mawu a sayansi kapena kupeka athu. Ku Zomba, Centre for Language Studies inatulutsa mtanthauziramawu wa Chichewa chokhachokha mu 2000. Kuno, African Languages Research Institute ya pa University of Zimbabwe inatulutsa mu 2004 Duramazwi reUrapi neUtano, buku la mawu a zachipatala m'Chishona. Ntchito zimenezi ndimazivulira chipewa, ndipo m'mikangano yonseyo ine ndakhala ku mbali ya ofuna mawu a kwathu. Koma taonani kuti mkangano wathu wonse uli pa mayina. Za aneni sitikambapo, ngati kuti aneni amadzimasulira okha. Ndipo pali china chimene sindinachiganizirepo mpaka chilonda cha mayi chitandiphunzitsa. Mawu achilendo ngati microfluidics amabwera ndi chenjezo lake: kulemera kwake pa lilime kumauza womva kuti chinthuchi chili kutali, n'chodula, si cha mawa. Pamene tinachisandutsa msuzi wa mang'ina, timikanda ndi makande, tinachotsa chenjezolo. Zinthu za kukhitchini ndi zakumunda ndi zinthu zimene zilipo. Munthu akamva kuti mankhwala ndi msuzi wa mang'ina, akudziwa kale kumene mang'ina amagulitsidwa. Mayina atayandikira chotere, mtunda wonse wotsala unayenera kusenzedwa ndi mneni. Ine ndinamutula katunduyo.

Mtundawo si waufupi. Mu 1980, chaka chimene Zimbabwe inalandira ufulu ndili ndi zaka khumi, Franklin Lim ndi Anthony Sun anatsekera maselo opanga insulin m'timikanda ta alginate n'kutiika mwa makoswe odwala shuga, ndipo shuga wa makoswewo anatsika kwa milungu iwiri kapena itatu. Inali nkhani yaikulu, ndipo kafukufuku wake akupitirirabe. Koma patha zaka zoposa makumi anayi, ndipo mayi anga m'mawa uliwonse amabayabe chala n'kumwa mapiritsi. Chinthu chochiritsa mbewa chiyenera kuonetsedwa kuti sichipweteka munthu, kuti chingapangidwe chochuluka mofanana, chopanda tizilombo ndi chopanda mafuta otsalira, kuti chingasungidwe, ndi kuti wina angachigule. Chikadutsa zonsezi ku Boston kapena ku Zurich, chimayamba ulendo wina wofika kukiliniki kumene firiji imadalira magetsi a ku Kariba.

Mu Febuluwale 2024 mlongo wanga anandiimbira. Dokotala anali atanena kuti chilonda chayera mokwanira, ndipo ngati shuga atsika angayesenso kuyala khungu lina. Mayi anakana. Anati adikira timikanda ta mdzukulu wawo, paja aphunzitsi anati tidzachiritsa. Ndinakwera kombi ku Harare madzulo omwewo, ndipo ulendo wa makilomita osakwana 30 unandikwanira kukonza ndi kuphwasula mawu anga kangapo. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba.

"Amayi, tsiku lija sindinamasulire bwino. Mwana uja anati tingachiritse. Ine ndinati tidzachiritsa."

"Ndiye munandinamiza?"

"Sindinachite dala. Ndinasintha kamawu kamodzi."

"Kamodzi kokha," anatero, osakweza maso. Anataya kamwala kumbali. "Mukuganiza kuti sindinamve? Chishona ndinachiphunzira inu musanabadwe. Ndinamva zimene ananena mwanayo, ndinamvanso zimene munanena inu. Zanuzo zinandikomera." Anakhala chete pang'ono, kenako anagwira pantchafu. "Pamene anasenda paja panawawa kuposa moto. Ntchafu imene akufuna kusendanso ndi yanga, si yanu."

Ndinalibe choyankha. Ndinapita kukaulula kuti ndinasocheretsa munthu wosadziwa, koma ndinapeza kuti munthuyo ankadziwa zonse, ndipo anangotenga mawu anga n'kuusa pamthunzi wake. Madokotala amavomereza kuti pamalo pochotsa khungu kawirikawiri pamapweteka kuposa pamalo polilandira, chifukwa timitsempha tomvera ululu timatsala pamtunda. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu ngati mwana wa mlongo wanga amakhalira usiku kudikira madzi a supuni imodzi: kuti tsiku lina chilonda chitsekedwe popanda kutsegula china. Mayi anamvetsa cholinga cha ntchitoyo bwino lomwe. Anangofuna kuti tsikulo liwapeze.

Usiku umenewo tinaimbira mtsikana uja pafoni ya kanema. Ndinakonza pakhosi kuti ndimasulire, koma anandiletsa ndi dzanja. Analankhula yekha, m'Chichewa chopunduka, chodzaza ndi kamvekedwe ka Chishona, akuima pa liwu lililonse ngati woponda pamiyala yowolokera. "Agogo, timikanda tingathandize ana a ana anga. Mwina. Inu pitani kuchipatala." Anati chimene angatumize ndi nsalu zapachilonda zopangidwa ndi alginate, zimene zakhala m'zipatala kuyambira m'zaka za m'ma 1980, zimamwa madzi a chilonda n'kusanduka gel, ndipo pochotsa sizikakamira kwambiri. Zimenezo zilipo, anatero, ndipo anesi akavomereza angaziike ngakhale pantchafu. Mayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Anamukonzera kamvekedwe ka "tingathandize" kawiri, mpaka ananena bwino. Kenako anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo, ndipo anandiuza kuti ndikafunse tsiku.

Kutsitsa shuga kunatenga miyezi iwiri ndi mikangano yambiri ya tiyi. Anawachita opaleshoni mu Meyi 2024. Khungulo linagwira, kupatula kamalo kakang'ono ngati ndalama yachitsulo pafupi ndi kakolo, kamene mlongo wanga amakamangabe. Pantchafu panawawa monga ananenera, ndipo sanandibisire. Kagalasi kaja kali m'kabati ya pabalaza, pakati pa makapu a alendo ndi chithunzi cha bambo. Amayi a Chigwirizano akabwera kudzacheza amakatulutsa, kukalozetsa kuwindo, n'kuwauza kuti ndi chodulira msuzi wa mang'ina. Lamlungu lililonse mdzukulu wawo akaimba, asanafunse za chisanu kapena za chakudya, amayamba afunsa kuti mbewa zija zili bwanji.